Nyerere zabweranso? Siyani kaye kupopera, tsatani mzere

Chaka chimene ndinatsegula kaokala kanga, chitini cha mankhwala opopera sichinkatha sabata ziwiri. M'mawa ndikatsegula chitseko ndinkapeza mzere wakuda uli ndondondo kuchokera pansi pa windo, kudzera kuseri kwa makatoni a sopo, mpaka pa belo la shuga. Ndinkapopera, zonse n'kufa, ine n'kusesa, mtima n'kukhala m'malo. Mkuja wake mzere uja wabwerera, wangosuntha pang'ono. Tsiku lina mayi wina wogula shuga woyeza anakweza kajumbo m'mwamba, n'kukayang'anitsitsa, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, nyererezi ndiye basela wake?" Tinaseka tonse, koma mayiwo sanabwerenso.

Cholakwa changa chinali chimene ambirife timachita. Ndinkalimbana ndi nyerere zimene maso anga ankaona, pamene zimenezo ndi zotumidwa chabe. Mudzi weniweni uli kwina, pansi pa simenti, mu mng'alu wa khoma kapena panja pansi pa mulu wa njerwa. Kumeneko kuli manthu, amene ntchito yake ndi kuikira mazira basi, ndiponso tiana tambirimbiri toyembekezera kukula. Zotuluka kukasaka chakudya ndi gawo lochepa la mudziwo. Muziphe zonse lero, manthu sakumva kanthu, ndipo mawa atumiza zina. Ntchito yonse yothetsa nyerere yagona pa kufikira manthu ameneyu, ndipo amene angakufikitseni kwa iye ndi nyerere zomwezo mukuzipha pakhomozo.

Musafafanize mzere musanaufunse

Nyerere ikapeza chakudya, pobwerera kwawo imasiya kafungo pansi kamene ife sitikamva, koma zinzake zimakatola ndi tinyanga tawo. Iliyonse yobwerera itakhuta imawonjezera fungolo, n'chifukwa chake kanjira kamene m'mawa kanali ndi nyerere zitatu, pofika masana kasanduka msewu waukulu. Mzerewo ndiye mboni yanu. Tsache lidikire kaye.

Gwadani pansi muone zimene zasenza katundu. Zopita ku chakudya zimayenda chimanjamanja, zobwerera zimakhala zanyamula kadontho ka shuga kukamwa kapena mimba yatupa ndi madzi otsekemera. Tsatani zobwererazo. Nthawi yabwino ndi madzulo kukazizirako, kapena usiku ndi tochi ya foni, chifukwa mitundu ina masana imabisala. Zikakhala zangomwazikana popanda mzere, ikani kapepala pansi, mbali ina mudonthezepo madzi a shuga, mbali ina kachiponde kapena kamutu ka usipa. Pakatha theka la ola mupeza mzere wapangika, ndipo mwaphunziranso chinthu chachiwiri chofunika kwambiri: mwadziwa chimene nyerere zanu zikufuna pakati pa zotsekemera ndi zamafuta.

Wanga mzere unanditulutsa panja. Unadutsa pansi pa felemu ya chitseko n'kukalowa kuseri kwa makreti a mabotolo akutha a zakumwa, pamene simenti ya khonde inalekana ndi khoma. Pamenepo panali timilu ta dothi losalala ngati ufa wosefa. Ndinali nditapopera m'kati miyezi yambiri, pamene funkha lili panja mapazi atatu kuchokera pakhomo, ndipo ine ndemwe ndinkalidyetsa ndi timadontho totsalira m'mabotolomo.

Funkha likapezeka pa dothi poyera, kutali ndi mizu ya mbewu, mukhoza kulifukula pang'ono ndi khasu n'kuthiramo madzi owira osakaniza ndi sopo wa ufa. Bwerezani masiku angapo, ana ali kutali. Koma musadalire kwambiri njira imeneyi, poti madzi amazizira asanafike m'zipinda zapansi, ndipo manthu kawirikawiri amakhala komweko.

Kodi ndi nyerere zanji?

Padziko pali mitundu ya nyerere yoposa 12,000, koma zovutitsa pakhomo pathu pano ndi zowerengeka, ndipo kuzisiyanitsa sikulira sukulu.

Zofala ndi tating'ono takuda kapena tofiirira tokonda shuga, uchi, thobwa ndi Sobo. Zina mukaziyang'anitsitsa mumzere mupeza kuti pakati pa zing'onozing'ono pali zingapo za mitu ikuluikulu ngati zavala chipewa cha wakabaza wa njinga yamoto. Zimenezi akatswiri amazitcha Pheidole megacephala. Zimakonda zamafuta ndi zankhuli: nsomba zouma, mtedza, mafupa, mphika wosatsuka. Ndizo zimatulutsa dothi m'ming'alu ya simenti, ndipo mudzi wawo umakhala ndi amanthu ambiri.

Zachiwembu kwambiri ndi tachikasu tooneka ngati towala, totalika mamilimita awiri okha, totchedwa Pharaoh. Izi kawirikawiri sizikhala panja. Zimamanga m'nyumba momwemo, kuseri kwa matailosi, m'masoketi, pakati pa nsalu zopinda m'kabati, ngakhale m'katoni ya mapepala. Nazonso zili ndi amanthu ambiri, ndipo zikamva mankhwala opopera mudzi umagawikana. Gulu lina limatenga tiana n'kukayambitsa mudzi m'chipinda china, linanso kwina. Munali ndi funkha limodzi, mwapopera, tsopano muli ndi anayi. Mukaona tachikasuti, chitini chopopera chibiseni ndithu.

Midzodzo, ikuluikulu yakuda yoluma mopweteka ija, shuga wanu ilibe naye ntchito. Imakhala pa ulenje wa chiswe ndi tizilombo tina, ipatseni njira. Linthumbu ndi nkhani ina, tilipeza kutsogoloku. Ndipo chiswe si nyerere, nyambo ya shuga sichidya. Mvula yoyamba ikagwa n'kuona zamapiko zikutuluka m'nyumba, gwirani imodzi. Nyerere ili ndi chiuno chowonda, tinyanga topindika ngati chigongono, ndipo mapiko akutsogolo ndi aatali kuposa akumbuyo. Ngumbi ilibe chiuno, ndipo mapiko ake anayi ndi ofanana. Ngati zotuluka m'khoma kapena m'felemu zili ngati ngumbi, vuto lanu ndi la matabwa ndi denga, osati la shuga.

Nyambo: kuzituma kuti zikapereke zokha

Nyerere sizidya paokha. Yantchito ikamwa madzi otsekemera imasunga ena m'kathumba ka m'mimba, ikafika kwawo n'kumapatsira zinzake kukamwa, izonso n'kupatsira tiana ndi manthu. Chakudya cholimba zazikulu sizimeza, zimapereka kwa tiana kuti tichisungunule. Choncho chilichonse cholowa m'funkha chimazungulira mudzi wonse. Nyambo yabwino ndi chakudya chokoma chokhala ndi poizoni wochepa, wochedwa kugwira, woti nyerere idye, iyende, ikafike, igawe, n'kufa pambuyo pake.

Yopanga nokha imafuna borax kapena boric acid, mankhwala a ufa woyera amene mungafunse ku famase kapena m'masitolo akuluakulu. Tengani kapu imodzi ya madzi otentha, ya mamililita 250. Sungunulanimo masupuni a tiyi 9 a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya borax. Theka, osati yodzaza. Apa mpamene ambiri timalakwitsa, poganiza kuti kuchulutsa mankhwala ndiko kufulumizitsa ntchito. Pa nyambo yamadziyi, mlingo woyenera ndi pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100. Ukapitirira kwambiri, nyerere zimaikana nyamboyo kapena zimafera panjira, ndipo manthu salawako n'komwe.

Viikani thonje m'madziwo, mulike m'kabotolo kakang'ono, chitsekerero chake muboole ndi msomali mabowo atatu kapena anayi oti nyerere n'kulowa koma chala cha mwana ayi. Lembanipo kuti POIZONI, ndipo musagwiritse botolo la chakumwa limene mwana angalizindikire. Kagonekeni m'mbali mwa mzere, pafupi ndi polowera, kuseri kwa kabati kumene galu, mphaka kapena mwana wokwawa sangafike. Borax si woopsa ngati mankhwala a kumunda, komabe si chakudya, ndipo mwana akamwa angadwale. Ngati kapepala kaja kanaonetsa kuti nyerere zanu n'zamafuta, sakanizani theka la supuni ya tiyi ya borax ndi masupuni akuluakulu atatu a chiponde, muike pang'onopang'ono m'tibotolo momwemo.

Ziliponso nyambo zogula, zina zamadzi okhuthala m'kachubu, zina ngati timbewu, zina m'tizibokosi tapulasitiki. Werengani pa chikuto. Mukaona mayina ngati hydramethylnon, fipronil, imidacloprid kapena indoxacarb ndipo palembedwa kuti ndi nyambo ya nyerere, ndiye zomwezo. Abale amene muli ku Joni simungavutike kuzipeza m'masupamaketi, ndipo amene muli ku Cape Town, nyerere zofiirira zodzaza m'makhitchini kumeneko nthawi zambiri ndi zochokera ku Argentina, zokhala ndi amanthu ambiri, zimene nazonso zimagonja ndi nyambo yotsekemera osati kupopera.

Tsopano gawo lovuta. Tsiku loyamba ndi lachiwiri nyerere zichuluka kuposa kale. Kabotolo kada bii, mzere unenepa, ndipo dzanja liyabwa kufuna chitini chija. Wa m'nyumba mwanu akufunsani ngati mwayamba kuweta nyerere. Pirirani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuchulukako ndiye chizindikiro chakuti nyambo yalandiridwa. Musapopere, musasese mzere, musakolope pamenepo ndi sopo. Muzingowonjezera nyambo ikatha kapena ikauma. Pakatha sabata mzere umayamba kuwonda, koma funkha lalikulu lingatenge sabata zingapo. Kwa tachikasu tija, dzira limatenga pafupifupi mwezi ndi theka kuti likhale nyerere yoyenda, ndiye musadabwe kuona zatsopano mutaganiza kuti zatha. Nyambo ikhalepobe mpaka papite sabata ziwiri osaona kanthu.

Nyambo ikakanika

Ngati nyerere zikungoilambalala, yambani mwafunsa kuti zikudya kuti. Palibe nyerere ingasiye chidebe cha uchi chosatseka bwino n'kupita pa kathonje kanu. Chotsani chakudya china chonse, nyambo ikhale yokha pamsika. Ngati mwachotsa koma zikukanabe, sinthani: munaika yotsekemera, yesani yachiponde. Nyerere zomwezo zimasintha chilakolako, nthawi imene zikulera tiana tambiri zimafuna zankhuli, nthawi ina shuga. Onaninso malo. Pamene munapopera dzana pamakhala fungo lothamangitsa kwa masiku, ndipo manja onunkha palafini, fodya kapena sopo wonunkhira amaipitsa nyambo.

Ngati zikufera pomwepo mozungulira kabotolo, mankhwala achuluka. Thirani madzi a shuga ena musungunule. Ngati thonje lauma gwaa kapena layamba kununkha ngati mowa, litayeni m'chimbudzi muike lina. M'nyengo yotentha zimenezi zimachitika pa masiku awiri kapena atatu okha.

Nanga zikatha mwezi wathunthu kenako n'kubwerera? Kawirikawiri ndi mudzi wina umene wapeza malo opanda mwini. Amene mukukhala nyumba za mdadada, khoma limodzi ndi anzanu, dziwani kuti nyerere sizidziwa malire a lendi. Inu muika nyambo, aneba akupopera, mudziwo ukungosamuka chipinda ndi chipinda. Pamenepa mutu umodzi susenza denga. Konzani nyambo yokwanira mdadada wonse, muike tsiku limodzi, ndipo alandilodi muwauze za ming'alu ya m'khoma.

Za viniga, mandimu, phulusa, tsabola ndi choko ndinene mosabisa. Zimagwira, koma ntchito yake ndi kusokoneza fungo la mzere kapena kutchinga njira kwa kanthawi. Sizipha mudzi. Viniga wosakaniza ndi madzi mulingo wofanana ndi wabwino kupukutira tebulo ndi mashelefu pamene simukufuna nyerere zifike, ndipo madzi a sopo m'botolo lofayira amapha zimene zalowa kale pa chakudya popanda kuika poizoni m'khitchini. Kungoti musazithire panjira yopita ku nyambo.

Chimene chikuziitana

Nyerere zimadza m'nyumba pa zifukwa zitatu: chakudya, madzi ndi pogona. Mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, zimafuna madzi kuposa shuga. Muzipeza pa sinki, pa mpopi wodontha, pansi pa ndowa, m'ketulo, ngakhale pa thaulo lonyowa. Konzetsani mpopiwo. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mafunkha apansi amadzaza madzi ndipo mudzi wonse umasamukira pouma, mazira ali kukamwa. Mukaona zanyamula toyera ngati timpunga, si chakudya chimenecho, ndi ana awo, ndipo zikusaka malo m'nyumba mwanu.

Pa chakudya, pepala ndi jumbo si chitetezo. Shuga, mkaka wa ufa, mabisiketi ndi mtedza zilowe m'zigubu zotseka zolimba. Chitsekerero chopota chopanda mphira tating'ono timatha kuyenda m'mizere yake n'kulowa, ndiye pukutani kukamwa kwa botolo la uchi kapena jamu musanatseke, kapena muliimike m'mbale ya madzi monga ankachitira agogo athu ndi chitini cha shuga. Mbale zisagone zosatsuka. Mbale ya galu ichotsedwe akatha kudya. Dzala likhale patali ndi khoma, ndipo madzi otsukira mbale asamathiridwe pakhomo penipeni.

Pamene pali khanda, fungo la mkaka pa nsalu limaitana nyerere mpaka pabedi. Sunthani bedi lisakhudze khoma, miyendo yake iime m'zitini za madzi odonthezamo sopo pang'ono, neti ndi zofunda zisafike pansi. Madziwo muzisintha kawirikawiri kuopa kuweta udzudzu.

Ming'alu itsekeni, koma nyambo ikamaliza ntchito. Mukatseka msanga mwadula njira yopita kwa manthu, ndipo nyerere zingotulukira pena. Simenti, phati kapena silikoni ndizo zokhalitsa. Pongoyembekezera, sopo wa mtanda, phula la kandulo kapena Vaseline zimatseka bowo masiku angapo. Panja sadzani nthambi zokhudza denga, chotsani nkhuni, njerwa ndi makreti otsamira khoma, ndipo kwezani miphika ya maluwa muone pansi pake, poti pamenepo mafunkha amakonda.

Kanthu kena kapambali: mukaona nyerere zikuunjikana pa mkodzo wa munthu mmodzi yemweyo nthawi ndi nthawi, makamaka ngati akumva ludzu kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, nkhani si ya nyerere ayi. Apite kuchipatala akayezetse shuga.

Linthumbu likalowa usiku

Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene zimayambira. Pakati pa usiku nkhuku ziyamba phokoso m'khola, mphemvu ndi akangaude akuthamanga pakhoma opanda chowathamangitsa chooneka, kenako mwana alira. Mukayatsa nyali pansi ponse pali waa, ndipo pamene mukuti muone bwino, lakwera kale m'miyendo. 

Linthumbu silifuna shuga, ndipo nyambo ya borax ilibe ntchito pano. Ndi alenje osaona, oyenda m'chigulu cha mamiliyoni, odya chilichonse chamoyo chimene sichingathawe. Silikhazikika malo amodzi mpaka kalekale, ndipo m'nyumba mwanu likungodutsa. Choyamba tulutsani osatha kudzithandiza: makanda, odwala, okalamba, ndi aliyense wagona ataledzera. Tsegulani khola la nkhuku, akalulu ndi nkhunda, masulani mbuzi ndi galu womangidwa, poti chiweto chotsekeredwa linthumbu limapha. Amene lamukwera avule zovala n'kuchotsa limodzilimodzi, chifukwa asilikali ake akaluma sasiya, mutu umatsalira pakhungu.

Ngati mwaliona lisanalowe, mzere wochindikala wa phulusa kutsogolo kwake, makamaka lofunda, kapena chiguduli chonyowetsa palafini pakhomo, zimalikhotetsa. Koma sankhani chimodzi. Palafini ndi phulusa la makala amoto zisakumane, ndipo chizolowezi choliwaula ndi muuni wa udzu pafupi ndi denga la udzu chapsetsa nyumba za anthu. Likalowa kale, nzeru ndi kulipatsa nyumbayo. Kawirikawiri pakatha maola angapo kapena pofika mawa limakhala lapita, ndipo limasiya m'nyumba mulibe mphemvu ndi imodzi yomwe. Poliletsa kubwerera, lambulani udzu ndi milu ya masamba kuzungulira nyumba, musataye mafuta ndi zotsalira za nyama pafupi, ndipo khola likhale lam'mwamba, mizati yake mutaipaka girisi kapena oyilo wakutha mozungulira.

Pa malo a bizinesi

Pa golosale, tiyirumu, bekale kapena lesitilanti, nyerere imodzi m'kapu ya kasitomala imawononga zambiri kuposa shuga amene yadya. Katundu asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Muikeni pa mapaleti kapena mashelefu, n'kusiya mpata woti tsache lidutse kuseri. Wakale azituluka poyamba, chifukwa paketi yoiwalika pakona ndiyo imasanduka mudzi. Katundu watsopano muyang'aneni asanalowe, poti nyerere zambiri zimabwera pa galimoto ya oda m'makatoni momwemo. Pa sikelo ndi poyezera shuga pazipukutidwa madzulo aliwonse, ndipo makreti a mabotolo akutha akhale kutali ndi chitseko. Izi ndinaziphunzira mochedwa.

Kupopera pamene pali chakudya chogulitsa ndi kuika makasitomala pa ngozi, ndipo oyendera zaukhondo a khonsolo akapeza fungo la mankhwala pa mandasi sangakumvereni. Nyambo yotsekeredwa m'tibotolo, pansi ndi kuseri, kutali ndi pokonzera chakudya, ndiyo yoyenera. Uzaninso antchito onse, makamaka wokolopa m'mawa, kuti tibotoloto si zinyalala. Lembani pa kapepala pamene mwaika ndi tsiku lake.

Pa malo ogona alendo, m'zipatala ndi m'nyumba zosanja, tachikasu tija ndito timavuta, chifukwa timayenda m'mapaipi ndi m'njira za mawaya kuchoka chipinda china kupita china. M'chipatala timafika pa mabala ndi pa zida zotsuka kale, titanyamula majeremusi ochokera ku zinyalala. Pamenepa nyambo iikidwe m'nyumba yonse nthawi imodzi, ndipo ndi bwino kuitana odziwa ntchito. Musanawapatse ndalama afunseni chiphaso chawo, dzina la mankhwala amene agwiritse, ndi kumene akuganiza kuti funkha lili. Amene wangofika ndi pampu kumsana, osagwada n'komwe kuyang'ana mzere, adzabweranso mwezi wamawa kudzalandira ina.

M'masoketi, m'mitengo ndi m'ming'oma

Nyerere zimakonda malo ofunda ndi obisika, ndiye soketi, switchi, dekoda ndi laputopu zimazikopa. Zikafera m'katimo n'kuunjikana ndi dothi, switchi imayamba kuthetheka kapena kukana. Musathiremo madzi kapena kupoperamo, poti mankhwala a m'chitini amayaka moto. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu, wodziwa zamagetsi atsegule ayeretse, nyambo muike pansi pafupi ndi khomalo. Laputopu izimitseni, muiike pa kanthu koima m'beseni la madzi, n'kusiya kamlatho kamodzi ka pepala kotulukira. Zimasamuka zokha.

Zikamakwera ndi kutsika mu mtengo wa malalanje, mandimu kapena pa masamba a m'dimba, tembenuzani tsamba. Mupeza nsabwe za m'masamba kapena tizilombo toyera ngati thonje. Timeneti timayamwa mtengo n'kutulutsa madzi otsekemera, ndipo nyerere zimatiweta ngati ng'ombe, n'kumathamangitsa adani ake. Tsukani nsabwezo ndi madzi a sopo, tsinde mulimange kansalu kapena pulasitiki n'kupakapo girisi pamwamba, osati pa khungwa penipeni. Koma zofiira zosoka masamba a mango kukhala chisa musaziphe. Zimaluma pothyola zipatso, inde, koma zimalondera mtengo ku ntchentche zoboola mango ndi tizilombo tina. Alimi a njuchi, pakani girisi yemweyo pa waya wopachikira mng'oma kapena pa miyendo ya thandala lake, ndipo udzu usakhudze mng'oma. Nyambo ya shuga isakhale poyera pafupi ndi njuchi, zingamwe.

Mankhwala amene sayenera kulowa m'nyumba

Nyerere zikatopetsa, munthu amafika pogula chilichonse chimene wogulitsa pamsika wati n'champhamvu. Tameki, timbewu takuda togulitsidwa m'timapepala ngati mankhwala a makoswe, musayese n'komwe kumusakaniza ndi shuga. Wochepa chabe amapha mwana, galu kapena nkhuku, ndipo pa nyerere sathandiza chifukwa amapha msanga zisanafike kwawo. Mapiritsi ofukizira chimanga m'nkhokwe amatulutsa mpweya wakupha, ndipo sayenera kuikidwa m'nyumba yogona anthu. Mankhwala a thonje, fodya kapena tomato otsanulidwa m'botolo lopanda chikuto nawonso ndi a kumunda. Choko chophera tizilombo chija chimafanana ndi cha kusukulu, ndipo mwana sasiyanitsa.

Ku Malawi mankhwala otere amayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000. Gulani m'sitolo yovomerezeka, mankhwala ali m'chikuto chake cholembedwa. Doom ndi anzake opopera ali ndi malo ake, monga pa udzudzu ndi mphemvu, ndipo ufa wothira m'ming'alu ungathandize panja pa funkha lodziwika. Kungoti zonsezi zimapha zimene zakhudza basi. Wina akamwa mankhwala mwangozi, musamusanzitse kapena kumumwetsa mkaka. Thamangani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena pepala la mankhwalawo.

Ku okala kwanga mzere unatha sabata yachitatu. Makreti ndinawasamutsira kuseri, mng'alu wa pakhonde ndinaumata ndi simenti yotsala kwa aneba amene ankamanga, ndipo shuga woyeza tsopano amakhala m'bigiri yotseka. Tibotolo tiwiri tija sindinataye. Tili pa shelefu yapamwamba, ndipo Okutobala akafika, ndikangoona nyerere ziwiri zitatu zikuzungulira pa ndowa ya madzi, ndimaviika thonje n'kutibwezera kuseri kwa chitseko.